Mlonda wa Pachipata Amatsokomola Katatu

9 Epulo

Wokondedwa Kachetechete, mwana wa mlongo wanga,

Landira moni wodzaza lole. Ine kuno ndili bwino, moti adokotala akandiona pamsewu amadandaula kuti ndikuwaphera ntchito. Kaya iweyo, amayi ako, ndi achimwene anga atelala aja amene amamwetulira kamodzi pachaka?

Kalata yako ndailandira ndipo ndaiwerenga katatu, kachitatuko mokweza kuti anzanga a mumsewu uno amve nawo. Wati aphunzitsi a masamu amene ankatsogolera masewera anu a nthano awasamutsa, ndipo gulu lasankha iwe kuti ukhale mtsogoleri. Iwe amene unkabisala kuseri kwa chitseko mlendo akangokufunsa dzina! Watinso achimwene akubwerekani kachipinda ka kuseri kwa shopu yawo kawiri kokha, Loweruka lomaliza la mwezi uno ndi lomaliza la mwezi wamawa, ndipo akaona kuti ndi zachibwana abwezeramo mabelo a nsalu, gulu lanu n'kuthera pomwepo. Ndiye ukulira kuti m'mutu mwako mulibe tauni, mulibe anthu, muli mayina okhaokha a mankhwala amene umagulitsa.

Pukuta misozi, wagogoda pakhomo loyenera. Malume akowa mkati mwa sabata amalemba zikwangwani, koma Loweruka amatsogolera masewera omwewa, ndipo anthu amalimbirana malo. Wina amabwera ndi mpando wake panjinga. Atsogoleri atsopano a kuno onse amayambira pa matauni anga okonzeratu. Ndathandiza anthu makumi asanu, kapena tinene asanu ndi awiri okha ukachita kuwawerenga ndi zala.

Amayi ako akamati ndi njuga, uwafotokozere bwino. Anthu amakhala mozungulira tebulo, aliyense n'kusankha munthu wa m'nthano woti akhale iyeyo, wina msilikali, wina mlenje, wina mbala. Mtsogoleri ndiye maso ndi makutu awo: amawauza zimene akuona, ndipo amalankhula m'malo mwa anthu onse a m'taunimo. Wina akafuna kuchita chinthu chovuta amaponya dayisi. Ikagwa nambala yaikulu zatheka, ikagwa yaing'ono wagwa chagada. Ndalama palibe, chimene umaluza ndi ulemu basi.

M'phukusili muli Tauni ya Belu Losowa. Belu la pamsika labedwa, osewera alifunefune. Mapu ndajambula ndekha pa chinsalu cha zikwangwani: chipata chimodzi, msika, mlatho, nyumba ya alendo. Munthu wina atawaona anafunsa kuti basi yopita kumeneko imakwereredwa pati. Kamsewu ka kuseri kwa msika ndakasiya koyera, usandifunse chifukwa. Mulinso makhadi khumi ndi awiri, khadi lililonse munthu mmodzi wa m'tauni. Onsewa ndawatulutsa m'mutu mwanga momwemu, palibe amene ndamukopera kwa munthu wamoyo. Mutu umenewu anaukana kusukulu, lero ukubereka matauni.

Malangizo a makhadiwa ndikulembera mawa, chifukwa a positi akutseka. Foni usayese. Inagwera m'chitini cha penti yobiriwira, ikati ilire imangotulutsa thovu.

Undiuze zonse zikatha, makamaka kuti anaomba m'manja mphindi zingati.

Ine malume ako,
Katswiri wa akatswiri


29 Epulo

Amalume okondedwa,

Ndikhulupirira muli bwino. Kuno onse ali bwino kupatula ine.

Phukusi linafika. Mapu ndi okongoladi, pamenepo simunaname. Kalata ya malangizo ndinaidikira mpaka Lachisanu, sinafike. Ndiye Loweruka ndinachita zimene ndimachita kuntchito. Munthu akagula mankhwala ndimamuwerengera zonse zolembedwa papaketi, kutsogolo ndi kumbuyo, kuti asadzati sindinamuuze.

Anabwera atatu a masiku onse: anamwino, ometa ndi adalaivala a basi. Ndinayala mapu, ndinaimirira, n'kuyamba kuwerenga makhadi, kutsogolo ndi kumbuyo. Pakhadi lachinayi, la mayi wa buledi, kumbuyo munalemba kuti ndiye anabisa belu mu uvuni chifukwa limasokoneza macheza ake ndi makasitomala. Ometa anati, "Aa, ndiye tifufuzenso chiyani? Tiyeni ku uvuni." Adalaivala anati, "Ulendo wachidule chonchi sindinauyendepo." Ine ndinangoyang'ana pansi n'kumapitiriza, chifukwa ndikayamba chinthu sindidziwa posiyira.

Lomaliza linali la mlonda wa pachipata. Mukudziwa kuti pakati pa shopu ndi kachipinda kaja pali katani yokha, ndipo makina a amalume aakulu ankalira nthawi yonseyi. Ndinawerenga kuti mlondayo kale anali telala, amavala tepi m'khosi, amayeza munthu ndi maso kuyambira kolala mpaka mpendero wa buluku, ndipo amatsokomola kawiri asanakane chinthu. Onse anaseka mpaka anamwino anagwira tebulo. Makina anasiya kulira. Ine osazindikira, ndinatembenuza khadi n'kuwerenganso: "Chimene amabisa: mng'ono wake pochoka m'tauni anamusokera jekete, n'kunama kuti ndi la kasitomala amene sanabwere kudzatenga. Koma ndi kasitomala wanji amene amafuna thumba lamkati la maburashi atatu?"

Apa panalibe woseka. Katani inatseguka. Amalume aakulu analowa, tepi ili m'khosi, natambasula dzanja. Ndinawapatsa khadilo. Analiika m'thumba la malaya n'kunena kuti, "Latsala Loweruka limodzi." Basi.

Masewera onse anatha mphindi makumi awiri. Potuluka ndinamva adalaivala akufunsa anamwino ngati ali ndi adiresi ya aphunzitsi a masamu.

Munati anthuwa munawatulutsa m'mutu mwanu. Amalume, m'mutu mwanumo muli msewu wathu.

Zinsinsi zonse zadziwika, ndatsala ndi tauni yopanda kanthu ndi Loweruka limodzi. Ndichite chiyani? Yankhani msanga.

Ine mwana wanu


29 Epulo, mu envulopu yomweyi

Iwe Chimkamwa,

Moni ndikupatsa chifukwa tinabadwa mimba imodzi. Tili bwino.

Tandiuze, mayi wa buledi amene amadziwa za ukwati wa anthu eni ake asanafunsirane, ndi ndani? Ometa aja alengeza msewu wonse. Chiyambire Loweruka aliyense wolowa m'golosale mwanga akuti, "Amayi, buledi mmodzi ndi belu." Ngakhale abusa. Buledi akutha msanga, koma usaganize kuti ndikukuthokoza. Ndiponso pakhadipo wandijambula ndi zibwano ziwiri. Ine?

Izo ndi zazing'ono. Achimwene sakulankhula. Dzulo anasoka thumba la buluku la munthu mozondoka, chinthu chimene sanachitepo chibadwire. Za jeketelo ine ndinkadziwa. Analisoka masiku atatu, akulibisa pansi pa nsalu za makatani ukangolowa. Zaka khumi ndi chimodzi iwe osanena ngakhale zikomo, lero ukukanenera kumbuyo kwa khadi, pamaso pa ometa?

Mwana wangayu ukumudziwa. Kusukulu ankadwala m'mimba tsiku loti alankhule kutsogolo kwa kalasi. Aka n'koyamba kuvomera yekha kuima pamaso pa anthu. Chipinda chija chikapita sadzayesanso, ndipo ine ndidzakwera basi kudzakupaka penti yako yomweyo kumaso.

Konza zimene waononga. Ndipo ugule foni, munthu wamkulu iwe.

Mlongo wako wamkulu


8 Meyi

Kachetechete wanga,

Moni. Ndili bwino, kungoti makutu akuyakabe moto ndi kalata ya amayi ako. Nditaitsegula mphaka wa aneba anathawa.

Tiyambe ndi malangizo. Ndinalemba, ndikulumbira, masamba anayi. Nditawerenga kalata yako ndinathamangira kupositi n'kuwakalipira mpaka anthu anasonkhana. Ndinawauza kuti akusewera ndi munthu wodziwika. Pobwerako ndati ndinyamule chitini cha vanishi, kalata ija ili kunsi kwake, yamatirira. Mzere woyamba unali wakuti KUMBUYO KWA KHADI USAWERENGERE MUNTHU. Wachiwiri, ACHIMWENE ASALIONE. A positi ndawapepesa ndi chikwangwani chaulere.

Komabe ndikuuze, kuwerenga makhadi khumi ndi awiri osapumira, anthu akuseka iwe osathawa, si zamasewera. Tsiku langa loyamba ndinaiwala dzina la tauni yanga yomwe, ndinanamizira kutsegula m'mimba n'kutulukira pawindo. Zimenezi usauze munthu.

Tsopano tchera khutu. Zinsinsi zanga zapsa, koma tauni ikadalipo. Tauni yokonzeratu ili ngati nyumba ya lendi: makoma ndi a wina, makatani umapachika ako. Mata mapepala atsopano kumbuyo kwa makhadiwo. Munthu aliyense umupatse zitatu: chimene akufuna, chimene amaopa, chimene amabisa. Usati ulibe anthu m'mutu. Pakauntala yako amabwera tsiku lililonse. Uja amagula mankhwala a mutu koma maso ali pashelefu ina. Uja amati akugulira mnzake. Tenga mphuno ya uyu, mantha a uyo, usakanize mpaka eni ake asadzizindikire. Ine posakanizapo ndinapupuluma pang'ono.

Upeze katoni, uidule, uiimike patsogolo pako kuti asaone mapepala ako. Ukaona adalaivala ayamba kuyasamula, ponya dayisi kuseri kwa katoniyo popanda chifukwa, uliyang'ane, upukuse mutu n'kunena kuti, "Aaa, pepani." Uona onse akukhala tsonga ngati amva fungo la chinthu chopserera.

Ukasowa chonena, funsa kuti, "Ndiye mukuchita chiyani?" Ukatero tseka pakamwa udikire. Apa iwe uli ndi mphatso imene ine Mulungu anandimana.

Chachikulu ndi ichi. Dayisi likagwa lagwa. Kaya waponya ndi bwana wako, kaya ndi amene anakusintha matewera, mtsogoleri sabweza mawu. Ukangobweza kamodzi, tebulo lonse likukwera pamutu.

Kamsewu koyera kaja, penti inandithera, koma tinene kuti ndinachita dala. Uikemo zako. Belu ulisamutsire kumene ukufuna. Koma za pachipata uzilambalale. Nkhani uiyambire m'kati mwa tauni, mlonda uja asatchulidwe n'komwe, tisaputenso mavu.

Magazi anga ali mwa iwe, kungoti sanawire. Undilembere msanga.

Malume ako,
Katswiri yemwe uja


8 Meyi

Achimwene,

Moni waulemu. Sindikufunsa za moyo wanu chifukwa ndikudziwa kuti matenda amakuopani.

Ndamva kuti khadi langa lina lili m'thumba mwanu. Mlonda ujatu si inu. Atelala ovala tepi m'khosi ndi ambiri padziko lapansi, otsokomolanso ndi ambiri.

Chabwino, ndi inu.

Ngati mwakwiya, kwiyirani ine. Msana wanga ndi waukulu, ndinaukulitsa ndi kunyamula makwerero. Koma mwanayo musamulande chipinda. Iye anangowerenga zimene chitsiru china chinalemba.

Za jekete. Ndinadziwa tsiku lomwelo m'basi, nditapisa dzanja m'thumba lamkati n'kupeza timipata titatu, kalikonse kokwana burashi yanga. Ndinati ndikathokoza ndikafika. Kenako ndinati ndikapeza ntchito. Kenako zaka zinachuluka, manyazi anakula kuposa pakamwa panga, ndipo kukula kwa pakamwa panga mukukudziwa. Jeketelo ndi limene linandipezera ntchito yoyamba. Abwana anati munthu wovala chonchi sangabe penti.

Zikomo, achimwene. Ndanena. Mundiyankhe, ngakhale mzere umodzi wonditukwana.

Mng'ono wanu


21 Meyi

Achemwali,

Moni. Kodi kumeneko mapepala atha? Masabata awiri, mwana wanu zii, achimwene zii, inunso amene simutha kusunga nkhani kufikira madzulo, zii.

Ine sindikuda nkhawa, munthu ngati ine sada nkhawa. Kungoti dzulo ndajambulira abutchala ng'ombe ya miyendo isanu, ndipo ndinawauza kuti ndi chizindikiro choti nyama ndi yambiri. Sanakhulupirire.

Ndikuona kuti achimwene abwezera kale mabelo m'chipindamo ndipo mukuopa kundiuza. Ngati ndi choncho, pitani kwa aliyense wa shopu mumsewu wathu amene ali ndi kachipinda. Mumuuze kuti wojambula wotchuka adzamulembera chikwangwani chachikulu ngati khoma la sitediyamu, bola abwereke mwanayo tebulo ndi mipando inayi. Loweruka ndi ili likubwerali.

Zibwano zija ndidzachotsapo chimodzi. Lembani.

Mlongo wanu, wosagona tulo chifukwa cha udzudzu basi


26 Meyi

Amalume,

Moni! Tili bwino tonse, ngakhale ine. Pepani posayankha. Nthawi yopuma kuntchito ndinkalemba zinsinsi, ndipo amayi anati tikusiyeni muvutikeko pang'ono.

Dzulo anabwera onse atatu, adalaivala atanenetsa kuti akhala theka la ola lokha. Ndinaimika katoni yanga ya mabotolo a mankhwala a chifuwa. Mapepala anga ndinawabisa kuseri kwake. Ndinayamba monga munanenera: "Muli pakati pa msika. Mwatsegula uvuni, belu mulibe."

Ndisanapitirize, katani inatseguka. Amalume aakulu analowa atanyamula mpando wawo wa pamakina. Anakhala, natulutsa khadi lija m'thumba, naliika patebulo.

Anati, "Tauni yanji imene anthu amangopezeka pamsika osadzera pachipata? Onse atuluke. Mlondayu ngati alankhule, alankhula ndi pakamwa panga, osati pa wopaka penti uja."

Ndinafuna kulowa pansi pa tebulo. Koma ndinangoti, "Chabwino. Muli kunja kwa chipata, dzuwa likupendeka. Ndiye mukuchita chiyani?" N'kutseka pakamwa.

Amalume, anthu anavutika! Anamwino anachonderera kuti m'tauni muli wodwala. Amalume aakulu anawayang'ana kuyambira kolala mpaka kunsapato, natsokomola, nati, "Achira yekha." Adalaivala anati akwera mpanda, anaponya dayisi n'kugwa 2. Ndinawauza kuti buluku lakodwa pamsomali ndipo ali lende, mutu pansi. Ometa anaseka mpaka misozi. Theka la ola linadutsa, adalaivala osayang'ana wotchi.

Koma nthawi inkapita, ndipo ndinaona kuti mlondayu sadzatsegula mpaka chaka chamawa. Kenako ometa anati, "Ine msilikali wanga malaya ang'ambika paphewa. Ndikuwaonetsa amlondawa, ndikuwafunsa ngati alipo m'tauni muno amene angathe kusoka zotere, kapena onse ndi ongoyerekeza."

Ndinati, "Nonse awiri ponyani. Ometa akapambana, mlonda sapirira, atsegula kuti aone malayawo."

Ometa anaponya dayisi lathu la mbali makumi awiri, n'kugwa 18. Amalume aakulu analitenga ngati akutola batani, naponya. 3.

Anati, "Tebuloli ndi lopendekeka. Ndiponyanso."

Onse anayang'ana ine. Ndinaganiza za mabelo a nsalu, ndinaganizanso za kalata yanu. Ndinaimirira.

Ndinati, "Amalume, tebulo ndi lanu, chipinda ndi chanu, koma tauni ndi yanga. Chipata chatseguka."

Anamwino anagwira pakamwa. Amalume aakulu anandiyang'ana nthawi yaitali, kuyambira kolala mpaka kunsapato. Anatsokomola kamodzi, kawiri, katatu. Kenako anatembenukira kwa ometa nati, "Lowani. Koma mupukute mapazi. Ndipo iwe bwera nawo malayawo, amene anakusokera ndi chigawenga."

Tinasewera maola atatu. Mlonda anasiya chipata n'kumatsatira gulu, akuti sangakhulupirire anthu a mipendero yokhota. Nditaponya dayisi kuseri kwa katoni n'kunena kuti "Aaa, pepani," amene anadzidzimuka kwambiri ndi iwowo.

Mukufuna kudziwa kumene belu linali? M'kamsewu koyera kaja ndinaikamo shopu ya wolemba zikwangwani. Ndi munthu wansangala, amalankhula ngati wailesi yopanda batani lozimitsira, ndipo amati mfumu ya dziko lina inamupempha kuti aijambule koma iye anakana chifukwa chotanganidwa. Ndiye anaba belu kuti alembepo dzina lake, anthu akamaliimba azimukumbukira. Ndinamutulutsa m'mutu mwanga, palibe amene ndamukopera.

Pomaliza adalaivala anafunsa ngati tingamakumane kawiri pamwezi. Ine ndinayang'ana amalume aakulu. Iwo anati, "Mabelo akhala bwino kumene aliko. Koma mwendo wa tebulowu ndiukonza."

M'manja sanaombe, amalume. Anaiwala, ankakangana za belu mpaka pamsewu.

Ine mtsogoleri wa masewera


26 Meyi

Chimkamwa,

Tili bwino. Kalata yako ndinalandira.

Khadi lako lili ndi zolakwika. Ndimatsokomola katatu, osati kawiri. Tepi yanga ndi yachikasu, iwe wajambula yoyera. Timipata ta m'jekete si titatu, ndi tinayi. Kachinayi kali kuseri kwa kansalu ka m'kati, kumanzere. Zaka khumi ndi chimodzi sunakapeze.

Mwanayu amatha. Samanama ngati iwe, koma aphunzira.

Kumbuyo kwa khadi la wolemba zikwangwani wandilola kuti ndilembe ine. Sindikuuza zimene ndalemba, mtsogoleri wati ndi zoletsedwa. Ukafuna kudziwa ubwere udzasewere. Ubwere ndi jeketelo, ndamva wanenepa.

Mkulu wako


5 Juni

Kwa bwana mtsogoleri, kudzera kwa mayi wa buledi, mlonda wa pachipata amve nawo,

Moni nonse! Ine ndili bwino kuposa kale, moti ndikuyenda osagunda pansi.

Ndinadziwa! Zonsezi ndinazikonza dala. Kalata kunsi kwa chitini, kamsewu koyera, zonse ndi mapulani a mutu uno. Mphunzitsi wabwino amaponya wophunzira m'madzi akuya, iye n'kuima patali akujambula ng'ombe za miyendo isanu.

Kachetechete, kalata yako ndawerengera msewu wonse. Abutchala aimva kawiri, ndipo mawu aja akuti "tauni ndi yanga" ndawalemba pakhoma la shopu yanga ndi zilembo zazitali ngati munthu. Ine ndakhala ndi achimwene chibadwire, sindinawauzepo kuti ayi osayamba ndayang'ana kumene kuli khomo. Iwe wawauza uli chiimire, m'chipinda chawo chomwe. Dzina lakoli tilisintha, silikukuyeneranso.

Za wakuba belu uja ndilibe mawu, kupatula kuti akumveka munthu wanzeru ndi wooneka bwino. Ndipo mfumu ija sinali imodzi, zinali ziwiri.

Kuno kuli mayi wina wosoka nsapato amene akufuna kuyamba kutsogolera, akunjenjemera ngati iwe mwezi watha. Ndamuuza kuti matauni anga ndi abwino, koma pali katswiri wina wamkulu amene ndinamuphunzitsa ndekha. Umukonzere tauni yako, makhadi asanu ndi limodzi akwana, usiyemo kamsewu koyera. Malangizo uwaike mu envulopu yomweyo. Ndikubwereza, yomweyo.

Achimwene, kampata kachinayi ndakapeza. Muli singano ndi ulusi wakuda. Zaka zonsezi mabatani ndakhala ndikumangira ndi waya. Nditaziona ndinakhala pansi pang'ono, chifukwa fungo la vanishi limandiliza maso. Koma sindinanenepe ayi, jeketelo ndi limene lafota ndi nyengo ya kuno.

Tikiti ndagula. Loweruka lomaliza la mwezi uno mundisungire mpando, ndikufuna ndione ndi maso anga zimene zalembedwa kumbuyo kwa khadi langa. Mpendero wa buluku ndawongola, nsapato ndapukuta. Bwana mtsogoleri, ndidzadzera pachipata ngati wina aliyense, koma mlondayo akadzayamba kutsokomola, chonde udzandipatse dayisi lomwe lija anaponya ometa.

Ine malume ako,
Katswiri wachiwiri m'banja lino